Seva ya mafilimu pakhomo, funsani kaye kuti ikudya mawati angati

Munthu akabwera kwa ine kuti akufuna kumanga seva pakhomo, kompyuta yosunga mafilimu nkumawatumiza ku TV kapena foni, funso lake limakhala lomwelomwelo, ndigule kompyuta yamphamvu bwanji? Ine ndimamubwezera funso, ikangokhala osagwira ntchito ikudya mawati angati? Pajatu seva sitizimitsa, imayaka usana ndi usiku, pomwe kuonera filimu mwina ndi maola awiri kapena atatu patsiku, maola ena onsewo yangokhala phee kudikira inu. Makina odya mawati 10 akayaka chaka chathunthu amatha mayunitsi a magetsi pafupifupi 88, chikompyuta chakale cha magemu chodya mawati 100 chimatha 876, koma filimu imene mukuonera ndi yomweyo.

Chimene ambiri sadziwa nchakuti nthawi zambiri seva sigwira ntchito yolemetsa ayi. TV kapena foni yanu ikamatha kuwerenga fayilo momwe ilili, seva imangoitumiza pa netiweki basi, izi amazitcha direct play ndipo ngakhale kamakina kofooka kamakwanitsa. Thukuta limayamba pomwe chipangizo chanu sichikuimva fayiloyo, kapena muli kutali intaneti ndi yochedwa, ndiye seva imayenera kumasula vidiyoyo nkuipanikizanso mwatsopano pompopompo inu mukuonera, ndiye transcoding imeneyo. Mukaisiyira purosesa yokha ntchito imeneyi, makamaka pa 4K, fani imalira ngati ikufuna kuuluka, chithunzi nkumaima ima.

Njira yake si kugula purosesa yaikulu. Kuyambira 2011 Intel imaika m'mapurosesa ake kachigawo kongogwira za vidiyo zokhazokha, dzina lake Quick Sync, ndipo kamachita transcoding ndi magetsi ochepa kwambiri purosesa yeniyeniyo ili kupuma. Nchifukwa chake ine ndimakonda timakompyuta tating'ono ta Intel N100 amene anatuluka mu 2023, purosesa ya makoo 4 (tizigawo togwira ntchito mkati mwake), pa pepala anamulembera mawati 6, ndipo amamasula njira zopanikizira vidiyo za H.264, H.265 ngakhale AV1. Kabokosi kake nkokwana m'manja. Kompyuta yakale ya mu ofesi nayonso ndi bwino bola purosesa yake ikhale ya m'badwo wa 7 kupita m'tsogolo, kuyambira pamenepo mpomwe H.265 ya 10-bit, yosunga mitundu yambiri pa chithunzi, imayenda bwinobwino. Kakompyuta kakang'ono kotchedwa Raspberry Pi 5 ndiye musanyengeke nayo, magetsi imadya pang'ono zedi koma ilibe kachigawo kopanikiza vidiyo, ndiye pa transcoding imatsamwa, pa direct play pokha mpomwe imasangalatsa.

Pulogalamu yoyendetsa seva ndimaika Jellyfin, ndi yaulere, inapatuka ku pulogalamu ina yotchedwa Emby mu 2018. Inzake yotchedwa Plex ndi yosavuta kuizolowera koma kuti igwiritse Quick Sync mpaka mulipire Plex Pass. Mukaika Jellyfin lowani m'masetingi mukayatse nokha hardware acceleration, yomwe imachititsa kuti igwiritse Quick Sync, siyaka yokha, ndipo apa mpomwe anthu ambiri amagwa nkumati makina ngachabe.

Tsono za kupanikiza mafayilo kuti disiki isadzaze msanga. H.264 ndi ya 2003, H.265 ya 2013 ndipo cholinga chake chinali chithunzi chofanana pa theka la kukula. Filimu ya maola awiri pa 8 Mbps (mamegabiti 8 pa sekondi) imadya magigabayiti 7 ndi kanthu, ndiye mukaichepetsa mwapulumutsa malo ambiri ndithu. Koma apa maganizo anga ndi osiyana ndi amene ndanena pa transcoding aja, Quick Sync ndi yachangu koma x265, pulogalamu yopanikiza mu H.265 yoyenda pa purosesa, imatulutsa fayilo yaing'ono pa ubwino womwewo. Popeza kupanikiza nkamodzi kokha, ndimaika mafayilo pamzere mu HandBrake, pulogalamu yopanikizira mavidiyo, nkuwasiya usiku wonse, atenge maola ake, ndani akuthamanga? Osangopanikizanso chinthu chopanikizidwa kale kawiri katatu, ulendo uliwonse chithunzi chimataya kenakake ndipo sichibwerera, mumayamba kuona timabokosi m'malo amdima.

Ine zinandichitikirapo zochititsa manyazi. Ndinalumikiza kamita koyeza mawati pa soketi, kakuonetsa manambala otsika bwinobwino, kungoyatsa mawu omasulira apansi aja manambala nkulumpha, kabokosi nkutentha. Ndinataya madzulo onse ndikukayikira makina, kenako nkupeza kuti masabutaito ake anali a PGS, omwe ndi zithunzi osati malemba, ndiye TV inkawakana seva nkumawawotchera mu vidiyo yonse. Nditaika a SRT, omwe ndi malemba chabe, zinatheratu.

Madisiki nawo musawaiwale, hadi disiki ya mainchesi 3.5 ikamazungulira imadya mawati 5 kapena kuposa, ndiye mukaika anayi adya kuposa kompyuta yeniyeniyo. Bola disiki imodzi yaikulu yoti izigona ikakhala sikugwira ntchito, sisitimu ndi Jellyfin zikhale pa SSD, disiki yosazungulira, mungopirira timasekondi tochepa poyembekeza kuti idzuke mukadina filimu.