Kudwalabe pambuyo pa COVID-19: vuto likhoza kukhala m'mitsempha ndi m'chitetezo cha thupi

Ena amene anadwala COVID-19 sanabwererenso mwakale, ngakhale amene anangodwala ngati chimfine osagonekedwa m'chipatala. Mu 2021 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linati vutoli limadziwika ngati zizindikiro zilipo patatha miyezi 3 chiyambireni matenda, zatenga miyezi 2 kapena kuposerapo, ndipo palibe nthenda ina imene ikuziyambitsa. Zofala ndi kufooka kosatha, phuma, kuiwalaiwala ndi mtima kugunda mothamanga.

Akatswiri akuloza chala ku chitetezo cha m'thupi. Tizidutswa ta kachilombo tingatsalire m'matumbo, asilikali a m'thupi n'kumalimbana nato miyezi yambiri. Mwa ena chitetezo chimasokonezeka n'kuyamba kuukira thupi la mwini wake. Mwa enanso tizilombo takale timene tinangogona m'thupi, monga ka Epstein-Barr, timadzambatuka. Zonsezi zingasiye kutupa kosaoneka ndi maso m'njira za magazi ndi mu ubongo, n'chifukwa chake munthu amavutika pamene zoyeza za masiku onse zikuti ali bwino. Si ulesi, ndipo sanalodzedwe.

Chimene mungachione nokha ndi kusokonezeka kwa mitsempha yoyendetsa zinthu zimene sitizilamula, monga kugunda kwa mtima, thukuta ndi kugaya chakudya. Munthu akaimirira, magazi amatsikira kumiyendo, ndipo mitsempha imeneyi imafinya njira za magazi kuti abwerere kumtunda. Ikalephera, mtima ndiwo umathamanga kuti ubongo usasowe magazi. Chizungulire chimabwera pamzere wa kubanki, posamba madzi otentha kapena pokwera zitunda ngati za ku Masasa mumzinda wa Mzuzu, koma munthu akagona chimatha.

Yesani motere, wina ali pambali panu. Gonani chagada mphindi 10, ikani zala ziwiri pamkono m'munsi mwa chala chachikulu, werengani kugunda kwa masekondi 30 n'kuchulukitsa kawiri. Kenako imirirani mutatsamira khoma, osasuntha miyendo, ndipo werenganinso pa mphindi 2, 5 ndi 10. Mukamva ngati mukomoka, khalani pansi msanga. Ngati kugunda kwakwera ndi 30 kapena kuposerapo (40 kwa a zaka 12 mpaka 19) osatsika, lembani manambalawo mukawaonetse dokotala, pakuti likhoza kukhala vuto lotchedwa POTS. Imwani madzi malita 2 mpaka 3 patsiku ndipo muzidzuka pang'onopang'ono. Za kuwonjezera mchere kapena madzi ambiri, yambani mwafunsa adokotala ngati muli ndi BP, vuto la mtima kapena la impso.

Pamene ambiri amalakwitsa ndi pa ntchito. Tsiku limene wadzuka bwino, munthu amachapa mulu wonse wa zovala, kutunga madzi, n'kutsikira kumsika. Kufooka kwake sikubwera pomwepo, kumadikira maola 12 mpaka 48, kenako kumamugoneka masiku angapo. Kwa wotere, malangizo oti "limbikirani mafizo" amaonjezera matenda. Gawani ntchito pang'onopang'ono, chapani kapena kuphika mutakhala pampando, pumani musanatope. Kuwerenga ndi kuyang'ana pafoni nakonso kumadya mphamvu.

Musathamangire kunena kuti ndi COVID-19 musanayezetse. TB, HIV, kuchepa kwa magazi, shuga ndi malungo zimafooketsa mofananamo, ndipo zili ndi mankhwala ake. Yambirani ku chipatala chaching'ono, monga cha Mapale ku Mzuzu, mutatenga buku lanu la kuchipatala. Akaona kuti m'pofunika adzakutumizani ku Mzuzu Central Hospital. Ngati mukutsokomola, kutuluka thukuta usiku kapena kuonda, perekani makhololo kuti akayeze TB. Maantibayotiki ogula pagolosale sathandiza vutoli. Katemera wa COVID-19 amachepetsa chiopsezo cholidwala.

Chifuwa chikamapweteka kwambiri, mukabanika muli chikhalire, mukakomoka, mwendo umodzi ukatupa, kapena mbali imodzi ya thupi ikafooka mwadzidzidzi, pitani kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale usiku.