Chimene chimagwira sandipepa makina akamazungulira

Munthu akabwera kudzandidandaulira kuti sandipepa wang'ambika msanga pa makina, kapena wathothoka n'kuuluka, ine sindithamangira kuyang'ana sandipepayo. Ndimamuuza kuti andipatse makinawo ndione chimene chimamugwira. Pa zaka zimene ndakhala ndikupala matabwa ndi zitsulo, vuto ndimalipeza pamenepo kawirikawiri: nati yogwedera, labala wouma, mbale yotsamirapo sandipepa yakutha. Sandipepa amangosenza mlandu chifukwa ndi amene amaoneka atang'ambika.

Popala ndi manja, zala zanu zimamva zonse. Sandipepa akatentha mumapumira, akafuna kuterereka mumamugwiritsa. Makina samva chilichonse. Iwo amangozungulira, ndipo sandipepa amalimbana ndi zinthu zitatu nthawi imodzi. Thabwa limamukokera m'mbuyo. Liwiro limamuponyera kunja, monga mmene mwala umafunira kuchoka mu gulaye. Ndiye pali kutentha kobwera chifukwa cha kukhulana, kumene kumafewetsa guluu, kusungunula pulasitiki ndi kutamula pepala. Grinder (makina a m'manja odulira ndi kupalira zitsulo) yaing'ono, ya disiki ya mamilimita 115, imazungulira maulendo pafupifupi 11,000 pa mphindi imodzi. Mukawerengera bwino, m'mphepete mwa disikiyo mumayenda mamita oposa 60 pa sekondi, amene ndi makilomita oposa 200 pa ola. Komanso mphamvu yoponyera kunja ija simakula mofanana ndi liwiro: liwiro likawirikiza kawiri, iyo imawirikiza kanayi. N'chifukwa chake chogwirira chimene chimakhala bwinobwino pa drill, makina oboolera aja, chimatha kukana pa grinder.

Pa grinder njira yodalirika ndi ya nati. Sandipepa wake ndi wouma gwa, kumbuyo kwake kuli chikatoni cholimba chimene amachitcha fibre, ndipo pakati pali bowo la mamilimita 22.23. Amatsamira pa mbale ya labala kapena ya pulasitiki, imene amisiri amaitcha backing pad, ndipo nati imamupanikizira pa mbaleyo. Taiyang'anitsitsani natiyo tsiku lina. Si yofanana ndi ya disiki yodulira. Ili ndi mlomo wotakata ndipo imalowa m'kati mwa kadzenje ka pakati pa mbale, n'kukokera sandipepa momwemo, kuti chitsulo chake chisatulukire ndi kukanda chimene mukupala. Mazinga a chitsulo cha grinder chimene nati imamangidwapo m'mayiko ambiri ndi a muyeso wotchedwa M14, pamene ku America amagwiritsa ntchito 5/8-11, ndipo awiriwa salowana. Wina akakakamiza, amaononga mazinga onse. Mazingawo anawakonza moti makina akamazungulira ndi kukumana ndi ntchito, nati imapitiriza kudzimanga yokha. Choncho palibe chifukwa choimangira ndi mphamvu zonse. Muimange ndi sipana yake mpaka igwire, basi.

Chimene ndimafuna aliyense azichiwerenga ndi manambala olembedwa pa mbale. Mbale iliyonse yabwino imanena liwiro limene siyenera kupyola. Zambiri za pa grinder anazipangira mamita 80 pa sekondi, ndipo n'chifukwa chake grinder yaikulu ya mamilimita 230 imazungulira maulendo pafupifupi 6,500 okha, pamene yaing'ono imafika 11,000. Kuchotsa chotchinga pa grinder yaing'ono kuti mbale yaikulu ikwanepo n'kuika moyo pachiswe. Sandipepa nayenso alingane ndi mbale yake. Akatulukira kwambiri, m'mphepete mwake mulibe pomutsamiritsa ndipo amakodwa pa kona n'kung'ambika. Mbale ikamuposa, imadyeka ndi iyo. Fibre amamwanso chinyontho, ndiye akakhalitsa pamalo ponyowa kapena padzuwa amapindika ngati tsamba louma. Wopindika kwambiri musamuwongole ndi manja, chifukwa amasweka m'kati inu osaona.

Masiku ano kuli njira zina zosafuna sipana. Bosch inatulutsa X-LOCK mu 2019, imene disiki imangokanikizidwa n'kumveka kuti yagwira. Timadisiki ta Roloc ta kampani ya 3M tili ndi kabatani ka mazinga kumbuyo, timangopotokoleredwa pa kambale kake. Zimapulumutsa nthawi, koma chilichonse chimafuna mnzake wa mtundu womwewo.

Makina osalazira matabwa aja amene mbale yake imazungulira uku ikunjenjemera, a mamilimita 125 kapena 150, ambiri amagwira sandipepa ndi chomata chimene tonse timachidziwa pa nsapato ndi pa zikwama, cha dzina la Velcro. Anachitulukira ndi injiniya wa ku Switzerland, George de Mestral. Mu 1941 iye anaona njere za chomera china zitakakamira pa zovala zake ndi pa ubweya wa galu wake, monga mmene chisoso chimachitira, ndipo ataziyang'ana pa makina okulitsira zinthu anapeza kuti zili ndi tingowe tating'ono. Pa makina athu tingowe timeneti tili pa mbale, ndipo ubweya wokodwamo uli kumbuyo kwa sandipepa. Ubwino wake ndi woonekeratu. Mumayamba ndi sandipepa wa mchenga waukulu wa nambala P80, n'kumatula, n'kuika wosalalirapo wa P120, kenako P180, ndipo woyamba uja mukhoza kumubwezeranso mawa.

Koma tingoweto ndi tapulasitiki, ndipo mdani wake wamkulu ndi kutentha. Munthu akamakanikiza makina ndi thupi lonse poganiza kuti afulumira, kapena akamapendeketsa mbale kuti apale ndi m'mphepete mokha, kutentha kumasonkhana pamalo amodzi, tingowe timafewa n'kugona. Sandipepa wakutha amachitanso zomwezo, chifukwa sadulanso, amangokhula. Tengani mbale yakale muipapase ndi chala. Pakati mumva kukanda, koma m'mphepete mupeza muli see, mwina mukunyezimira. Mbale yotero, ngakhale mugule sandipepa wabwino bwanji, azingouluka. Sinthani mbaleyo; pa makina ambiri imangogwidwa ndi masikuluwu ochepa. Alipo amene amaika kansalu kopyapyala pakati pa mbale ndi sandipepa kuti kazitha ndi iko, ndipo ine ndimaona kuti n'zanzeru, makamaka pa sandipepa wooneka ngati sefa amene tingowe timatha kumupyola n'kukhudza thabwa. Mabowo a sandipepa alunjikenso pa mabowo a mbale. Mabowowo ndi njira ya fumbi, ndipo akatsekeka fumbi limatsalira pansi, kudzaza mchenga wa sandipepa ndi kuwonjezera kutentha komwe kuja.

Ndinaonapo ndi maso anga chimene chimachitika njira imeneyi ikaikidwa pamalo osayenera. Mnzanga wina wa ntchito anapeza mbale ya chomata yokhala ndi mazinga a M14, n'kuimanga pa grinder yopanda posinthira liwiro. Inalowa bwinobwino, ndiye iye anati ndiye kuti ndi yake. Atangogunditsa pa thabwa, sandipepa anamatuka mbali imodzi, anakupiza kamodzi n'kuuluka, kudutsa pafupi ndi khutu la munthu amene anali chapatali ndithu. Mbale ija inatsala ikupala thabwa ndi tingowe take, ndipo m'kanthawi kochepa tinali titatha. Titaiyang'ana, liwiro lolembedwapo linali lotsika kwambiri kuposa la grinder. Inali ya makina opukutira, amene amayenda pang'onopang'ono. Kulowa kwa mazinga sikutanthauza kuti zinthu ziwiri zikuyenerana, ndipo mpaka lero ndikakumbukira khutu lija thupi limandichita tsemwe.

Palinso sandipepa wa guluu kumbuyo, womata mwachindunji pa mbale yosalala. Pa makina okhala pa tebulo, okhala ndi mbale yachitsulo yoimirira, ndimakonda ameneyu kuposa wa chomata, chifukwa pansi pake palibe chofewa ndipo kona imatuluka yowongoka. Chofunika n'kutsuka mbale musanamate wina. Kachibulu ka guluu wakale kakatsalira, pamenepo pamatukuka ndipo m'pamene pamayamba kuotcha thabwa. Pomatula, matulani makina akadali ofunda.

Nkhani imakoma kwambiri tikafika pa madiramu, zozungulira zooneka ngati chitini zimene timapalira m'makona okhota ndi m'mabowo. Apa palibe nkhope yafulati yoti nati ipanikizepo. Sandipepa ayenera kukumbatira chinthu chobulungira, ndipo amisiri anapeza nzeru zingapo.

Yodziwika kwambiri ndi diramu la labala lofufuma. Sandipepa wake amabwera atalumikizidwa kale ngati kapaipi. Mumamuveka pa labala, n'kumanga nati kapena sikuluwu ya kumapeto. Natiyo imafinya labala kuchokera pamwamba ndi pansi, ndipo popeza labala alibe kothawira, amafufumira m'mbali n'kugwira sandipepa kuchokera m'kati. Tidiramu ta makina ang'onoang'ono a m'manja monga Dremel timagwira ntchito chimodzimodzi. Madiramu ena ali ndi mazinga a kumanzere kuti kuzungulira kusamasule nati, ndiye ikakana kumasuka musalimbane nayo, yesani mbali inayo. Mukamanga moperewera, labala amazungulira m'kati sandipepa ataima, amatentha n'kuyamba kununkha, ndipo sandipepa amakwera pang'onopang'ono kufuna kuvuka. Mukaona zimenezo imitsani makina. Mukatha ntchito masulani nati, chifukwa labala akakhala wofinyika miyezi yambiri amazolowera, osabwereranso, ndipo sandipepa watsopano salowa.

Ine mtima wanga uli pa diramu la mng'alu, limene silifuna sandipepa wolumikiza kale. Mumadula nokha kuchokera pa pepala wamba, n'kukulunga, n'kulowetsa nsonga zonse ziwiri mu mng'alu wa m'mbali mwa diramu. M'kati muli kapaipi kophwatalala pang'ono. Mukakatembenuza ndi kiyi, mbali yake yotakata imapana nsonga ziwiri zija n'kuzikokera m'kati, sandipepa n'kumangika ngati chikopa cha ng'oma. Luso lonse lili pa kudula. Mukadula mokhota, mbali imodzi imalimba ina n'kukhwepa, ndipo yokhwepayo ndi imene imakodwa. Pindani nsongazo bwino musanazilowetse kuti pakamwa pa mng'alu pasatukuke. Ndipo ngati mungathe, sankhani sandipepa wa nsalu kumbuyo. Wa chilembo J ndi wofewa, amapindika mosavuta pa diramu laling'ono, pamene wa X ndi wolimba. Wa pepala lopyapyala amathyoka pa mpindiro pomwepo.

Makina aakulu opalira matabwa otakata ali ndi diramu lalitali limene sandipepa amakulungidwapo mozungulira, kuchokera kumapeto kuno kukafika uko. Nsonga zake zimadulidwa mosongoka ndipo iliyonse imalowa mu chopanira chake. Chopanira cha mbali imodzi chili ndi sipuling'i, ndipo ambiri sadziwa chifukwa chake. Sandipepa akatentha amatamuka, ndiye sipuling'iyo imakoka kutamukako kuti asakhwepe. Ikachita dzimbiri kapena kudzaza fumbi, mizere ya sandipepa imayamba kukwerana, ndipo pamene yakwerana pamasiya mzere wakuda wopserera kutalika kwa thabwa lonse. Pokulunga siyani kampata kakang'ono pakati pa mizere, ndipo sandipepa watsopano akagwira ntchito pang'ono imitsani makina mumukokenso. Kulinso madiramu opopa mpweya, amene mumawalimbitsa kapena kuwafewetsa malinga ndi kukhota kwa chimene mukupala.

Chophweka kuposa zonse ndi kachitsulo kobulungira kong'ambidwa kumapeto, komanga pa makina ozungulira monga drill. Mukhoza kukapanga nokha podula mng'alu ndi sowo ya zitsulo. Mumalowetsa nsonga ya sandipepa mu mng'alumo n'kumukulunga, popanda nati kapena guluu. Chimamugwira ndi kakulungidwe kokha. Akulungidwe moti makina akamazungulira, nsonga ya kunja izitsatira m'mbuyo ndipo mkulungo uzidzimanga wokha. Mukamukulunga motembenuza, amafutukuka pomwepo n'kuyamba kukwapula. Kachitsulo kotere kamafuna liwiro lochepa, ndipo mukayatse kali kale m'kati mwa bowo.

Amene amamanga madiramu pa drill ya pa tebulo adziwe kuti makinawo anawapangira kukankha molunjika pansi. Pa ambiri, mutu wogwirira uja umangokhala wokhomeredwa pa chitsulo chosongoka, ndipo ukakankhidwa kwambiri cham'mbali umatha kuguluka n'kugwa uku ukuzungulira. Gunditsani thabwa mopepuka, ndipo muliyendetse motsutsana ndi kumene diramu likuzungulirira kuti lisakulandeni m'manja.

Posintha sandipepa pa makina alionse, zulani pulagi kapena chotsani batire kaye. Mukamanga, zungulitsani ndi dzanja muone ngati wakhala pakati penipeni, chifukwa kupatuka pang'ono kumasanduka kunjenjemera kwakukulu pa liwiro. Grinder ndi madiramu muziyatse kwa kanthawi zisanakhudze ntchito, magalasi ali kumaso, inu mutaima pambali osati moyang'anizana ndi m'mphepete mwa disiki. Makina a mbale yonjenjemera aja okha ndi amene mumayamba mwawakhazika pa thabwa kenako n'kuyatsa, chifukwa akathamanga m'malere mbale imatenga liwiro lalikulu, ndipo ikamatera imasiya chipsera chozungulira chimene chimadzaonekera bwino mukapaka vanishi.