Mkangano wa chidzenje cha ku Arizona

M'chipululu cha Arizona ku America, kufupi ndi tauni ya Winslow, muli chidzenje cha makilomita 1.2 m'mimba mwake, chakuya mamita pafupifupi 170. Mkombero wake unatundumuka mamita 45 kuposa chigwa chozungulira. Lero chimatchedwa Meteor Crater, koma panadutsa zaka pafupifupi 70 akatswiri akulimbana za chimene chinachikumba.

Mu 1891 Grove Karl Gilbert, mkulu wa akatswiri a miyala ku bungwe la boma la U.S. Geological Survey, anapita kukachiyeza. Zidutswa za chitsulo zinali mbwee m'chigwamo. Iye anati ngati chinakumba ndi chimwala chachitsulo chochokera kumwamba, ndiye kuti chikadali pansi ndipo kampasi iyenera kusokonezeka. Kampasi inangoti phee. Choncho anagamula kuti pansipo panaphulika nthunzi yotenthedwa ndi chiphalaphala, ndipo poti anali munthu womveka, ambiri anangovomera.

Daniel Barringer, katswiri wa migodi wa ku Philadelphia, anakana. Mu 1903 anatenga malowo. Anaona kuti panalibe mwala wa chiphalaphala ngakhale umodzi, miyala yamchenga inali itaperekeka mpaka kusanduka ufa, ndipo zitsulo zija zinasakanikirana ndi zibuma zimene zinaponyedwa kunja. Apa analondola. Koma nayenso, monga Gilbert, ankaganiza kuti chimwala chotere chikagwa chimakhala chigonere pansi, ndipo ankafuna kuchikumba n'kugulitsa. Anabowola zaka zoposa 20. Chitsime china cha kum'mwera kwa mkombero chinapitirira mamita 400, chobowolera n'kukanirira momwemo.

Mu 1929 katswiri wa zakuthambo Forest Ray Moulton anawerengetsa kuti pa liwiro limene chinagwa nalo mbali yaikulu ya chimwalacho inasungunuka ndi kumwazika pomwepo. Barringer anamwalira mu Novembala chaka chomwecho, chuma chake chambiri chitathera m'dzenjemo.

Amene anautha mkanganowo ndi katswiri wa miyala Eugene Shoemaker. Anayerekeza chidzenjecho ndi maenje a mabomba a nyukiliya ku Nevada, napeza chizindikiro chofanana: pamkombero miyala inapindikira kunja chagada, ya pansi yotchedwa Coconino ili pamwamba pa ya Kaibab imene imayenera kuiphimba. Mu 1960 iye ndi Edward Chao anapezamo coesite, mwala umene umapangika pokhapokha mchenga ukapanikizika koopsa, mphamvu imene nthunzi singaifikire. Chimwala chinali cha mamita pafupifupi 50, ndipo chinagwa zaka pafupifupi 50,000 zapitazo. Malowo akadali m'manja mwa banja la Barringer.