M'mimba mukamapweteka kwa miyezi koma matenda osapezeka

Odwala ambiri amene amabwera kudzandiona chifukwa cha kupweteka kwa m'mimba kwa miyezi ingapo amafika atatchula kale dzina la matenda awo, ndipo dzinalo limakhala limodzimodzi: zilonda za m'mimba. Ena amakhala atasiya tsabola, nyemba ndi zokazinga, ena amayenda ndi mapilitsi m'chikwama, koma ululu osaleka. Zilonda za m'mimba zilipodi ndipo n'zofala, koma m'mimba muli ziwalo zambiri zothithikana, monga chifu, matumbo, chiwindi, ndulu, kapamba, impso ndi chikhodzodzo, komanso chiberekero kwa amayi. Mitsempha yonyamula ululu kuchokera ku ziwalo zimenezi siloza malo enieni, n'chifukwa chake matenda osiyana kwambiri amamveka mofanana kwa wodwala.

Zilonda zenizeni zambiri zimayamba ndi kachilombo kotchedwa Helicobacter pylori, kamene madokotala awiri a ku Australia, Barry Marshall ndi Robin Warren, anakafufuza m'zaka za m'ma 1980 mpaka kulandira mphoto ya Nobel mu 2005. Mankhwala otchedwa omeprazole amachepetsa asidi wa m'chifu ndipo munthu amapezako bwino, koma paokha sathetsa kachilomboka. Pamafunika kuphatikiza maantibayotiki awiri kwa masiku 10 mpaka 14, ndipo wosiyira panjira amapezeka atabwerera pomwe anayambira. Gwero lachiwiri ndi limene limandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa limagulidwa pa okala popanda wofunsa. Mankhwala oletsa ululu monga brufen, diclofenac, indocid ndi aspirin amafooketsa khungu loteteza chifu, motero munthu amene akuwamwa tsiku ndi tsiku pofuna kuziziritsa m'mimba angakhale akukulitsa chilonda chomwecho, mpaka kuchichititsa kutuluka magazi kapena kuboola. Podikira kuonana ndi dokotala, panado womwedwa pa mlingo wake ndiye wosavulaza chifu.

Kuno ku Mzuzu sitingaiwale nyanja. Ambiri mwa ife timatsikira ku Nkhata Bay ndi ku Chintheche, ena anakulira m'minda ya mpunga ku Karonga, ndipo anthu amadziwa likodzo ngati matenda okodza magazi basi. Pali mtundu wina umene umakhala m'mitsempha ya m'matumbo, umene pakapita zaka umaumitsa chiwindi ndi kutupitsa kapamba mkodzo uli woyera. Mankhwala ake, praziquantel, ndi osavuta kupereka, koma dokotala sangawaganizire ngati simunamuuze kuti munasambapo kapena kuchapa m'madzi amenewo. Chifuwa chachikulu nachonso chimatha kukhala m'mimba munthu osatsokomola, makamaka kwa amene ali ndi HIV, ndipo chimadziwika ndi kuonda, thukuta la usiku ndi mimba yodzaza madzi. Palinso njoka za m'mimba, miyala ya m'ndulu, matenda a chiwindi a hepatitis B, kutupa kwa ziwalo zoberekera kwa amayi, ndi zimene kachasu amawononga mwakachetechete.

Pa matenda onsewa, chimene chimatsogolera dokotala koposa makina ndi mbiri imene wodwala wafotokoza. Mawu akuti "m'mimba mukundipweteka" satifikitsa patali. Lozani ndi chala pamene pakupweteka, nenani ngati mukuotcha, mukupota kapena mukulasa, ngati ululu umabwera mukangodya kapena mukakhala ndi njala, ngati umakudzutsani usiku, ndiponso ngati umachepa mukapita kuchimbudzi. Amayi akumbukire tsiku limene anasamba komaliza. Tchulaninso mankhwala onse amene mwamwa, a zitsamba omwe, popanda kuopa kudzudzulidwa, pakuti ena mwa iwo amavulaza chiwindi ndi impso ndipo amasokoneza zotsatira za kuyeza.

Buku la kuchipatala likhale limodzi. Ndimaona odwala amene ali ndi mabuku atatu kapena anayi, lililonse lolembedwa tsamba limodzi, chifukwa akapanda kuchira amagula latsopano n'kupita kwina poganiza kuti akayambiranso bwino. Zotsatira zake n'zakuti dokotala aliyense amawaona ngati odwala atsopano ndipo amawapatsanso mankhwala omwe analephera kale. Kaya munayambira ku Mapale, ku St John's kapena pa chipatala chaching'ono cha kwanuko, bwererani komweko ndi buku lomwelo n'kunena kuti mankhwala aja sanathandize. Kulephera kwa mankhwala ndi umboni wofunika, ndipo ndi kumene kumapatsa dokotala chifukwa chokulemberani kalata yopita ku chipatala chachikulu cha Mzuzu.

Kuyeza kumayamba ndi chimbudzi, mkodzo, magazi, HIV, ndiponso mimba kwa amayi a msinkhu wobereka. Ambiri amalimbikira kuti ajambulidwe sikani, ndipo imathandizadi kuona chiwindi, ndulu, impso ndi chiberekero, koma zilonda za m'chifu siziona. Zimenezo zimaoneka polowetsa kapaipi kokhala ndi kamera kudzera pakamwa. Choncho sikani ikatuluka bwino sizitanthauza kuti nkhani yatha.

Pali zizindikiro zimene sizilola kudikira tsiku la kuchipatala: kusanza magazi, chimbudzi chakuda ngati phula, chakudya kukakamira pomeza, kuonda popanda chifukwa, maso achikasu, chotupa chomveka pogwira, kapena mimba youma gwa pamodzi ndi kutentha thupi. Mayi amene wadumphitsa kusamba n'kumva ululu woopsa mbali imodzi ya chinena apite nthawi yomweyo, ngakhale usiku, chifukwa mimba yokhala kunja kwa chiberekero ikaphulika magazi amatayikira mkati.

Zimachitikanso kuti zonse zayezedwa ndipo palibe chapezeka. Apa m'pamene achibale amayamba kunena kuti wodwala akunamizira kapena walodzedwa, ndipo ndalama zimathera kwa asing'anga. Alipo matenda odziwika bwino amene matumbo amaoneka abwinobwino koma amamva ululu msanga, amafufuma, ndipo munthu amasinthasintha pakati pa kudzimbidwa ndi kutsekula, makamaka pa nthawi ya nkhawa. Ululu wake ndi weniweni ndipo uli ndi chithandizo chake, chokhudza kadyedwe, tulo, maganizo ndi mankhwala ena. Wodwala wotere amapatsidwabe tsiku lobwerera, amakwezedwa pa sikelo ulendo uliwonse, ndipo akayamba kuonda kapena ululu ukasintha khalidwe, kufufuza kumayambiranso.