Shuga si matenda a anthu olemera okha

Mu Lilongwe muno anthu ambiri amanena kuti matenda a shuga amagwira mabwana a ku Area 10 okha, amene amadya zonona n'kumayendera galimoto. Zimenezi si zoona, ndipo zikudetsa nkhawa chifukwa zimachititsa anthu a ku Mtandire kapena ku Chinsapo kunyozera zizindikiro. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita mu 2009 mothandizidwa ndi bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO anapeza kuti mwa Amalawi 100 alionse azaka 25 mpaka 64, pafupifupi 6 anali ndi shuga, ndipo odwalawo anapezeka m'tauni ndi kumudzi komwe. Matendawa amayamba thupi likamalephera kupanga kapena kugwiritsa bwino ntchito insulin (timadzi ta m'thupi timene timathandiza kuti shuga asachuluke m'magazi), ndipo nthawi zambiri amayenda m'magazi a pamtundu. Aliyense amene akumva ludzu losatha, akukodza pafupipafupi kapena akuwonda mosadziwika bwino, akayezetse magazi kuchipatala.