Kodi kutseka zipata za m'malire kukanathetsa Covid-19?

Mphekesera imene inkamveka kwambiri chiwerengero cha odwala chikayamba kukwera inali yakuti matendawa akubwera ndi abale athu ochokera ku Joni okha, ndiye boma likangotseka chipata cha Mwanza, basi zatha.

Muli kachoonadi pang'ono. Mu 2020 ena mwa obwera pa mabasi kuchokera ku South Africa ankapezekadi ndi kachilombo. Koma kachilomboka kakangolowa m'dziko, kamafala pakati pa anthu omwe sanatulukepo kunja: m'minibasi, pamaliro, m'matchalitchi. Munthu amatha kukhala nako mpaka masiku 14 asanaonetse zizindikiro, ena osaonetsa n'komwe, uku akupatsira anzawo. Pamenepo chipata chingateteze ndani?

Komanso Malawi alibe doko la panyanja yamchere. Mafuta ndi feteleza zimadzera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, choncho malole sakanaima. Nanga njira zachidule zodutsa m'tchire, zomwe aliyense wa m'malire amazidziwa?

Kuyeza anthu pachipata kumachedwetsa matenda, ndipo n'kofunika. Koma mu Januwale 2021, pomwe nduna ziwiri zinamwalira tsiku limodzi, kachilomboka kanali katafala kale m'mizinda yathu.