Sinowo wosasungunuka ndi moto si wapulasitiki

Chipale chofewa, chimene ambiri amati sinowo, chikagwa kumalo kumene sichigwa kawirikawiri, mphekesera imodzimodzi imabukanso. Inamveka mumzinda wa Atlanta ku America mu 2014, inadzamvekanso m'chigawo cha Texas m'dziko lomwelo mu February 2021. M'mavidiyo ofalitsa mphekeserayi, munthu amaumba mpira wa sinowo, n'kuuyatsira laita pansi. Madzi sadontha, mpirawo umada, kenako akuti ameneyu ndi sinowo wopanga, wapulasitiki.

Bodza limenelo. Sinowo amasungunuka ndithu, kungoti mkati mwake muli timipata tambirimbiri ta mpweya. Madzi akangotuluka, mbali yotsalayo imawamwa ngati siponji, ndiye mpirawo umangochepa pang'onopang'ono osadontha kanthu mpaka utakhuta madzi. Kuda kuja ndi mwaye wochokera ku gasi wa mu laita amene sanapse bwino, ndipo fungo limene ena amati n'lapulasitiki limachokeranso komweko. Yatsirani laita yomweyo pansi pa supuni yozizira, nayonso ida.

Chodabwitsa n'chakuti ojambula mavidiyowa amazimitsa kamera msanga. Akanangoika mpirawo m'poto pamoto n'kudikira mphindi zingapo, mukanatsala madzi okhaokha.